Maenje Aakulu pa Timaiko Tating'ono ta M'thambo

Mwana aliyense wa ku Karonga amadziwa zinthu ziwiri za mwala woponyedwa. Akauponya pa mchenga wa m'mbali mwa nyanja, mwalawo umasiya kadzenje kozungulira, ndipo mchenga umene unali pamenepo umamwazikira m'mphepete. Koma akauponya pa mtsuko wa amake, mtsukowo sukhala ndi kadzenje ayi. Umasweka nusanduka mapale, ndipo mwanayo amagona ndi mlandu. Nzeru ziwirizi n'zokwanira kuyambira phunziro lozama la za m'thambo, pakuti kwa zaka zoposa 50 akatswiri a nyenyezi akhala akulimbana ndi funso lochokera pomwepo. Funsolo ndi ili: kodi zinatheka bwanji kuti timaiko tina tating'ono tigundidwe koopsa, mpaka kukhala ndi dzenje lofika theka la msinkhu wake kapena kuposa, koma osasweka monga mtsuko uja?

1. Timaiko timeneti n'tiani

Pali maiko aakulu 8 amene amazungulira dzuwa, ndipo dziko lapansi ndi lachitatu pa mzere wao. Pakati pa njira ya Mars ndi njira ya Jupiter pali miyala yosawerengeka imene nayonso imazungulira dzuwa, ina yaing'ono ngati nyumba, ina yaikulu ngati boma lathunthu, ndipo yowerengeka ndi yaikulu koposa pamenepo. Dzina lake m'mabuku ndi asteroidi, ndipo imene yalembedwa kale m'kaundula ndi yoposa 1,000,000. Palinso miyezi. Mau akuti mwezi sanena mwezi umodzi wokha umene umawala usiku, koma chinthu chilichonse chimene chimazungulira dziko lina lalikulu. Mars ali ndi miyezi 2, ndipo Saturn ali nayo yoposa 100.

Pa timaiko totere palibe mphepo, palibe mvula, palibe mtsinje, udzu kapena chiswe. Dzenje lokumbidwa m'munda wa ku Kaporo limakwiririka dzinja limodzi lisanathe, koma dzenje la pa kadziko kopanda mpweya likhoza kukhala chikhalire kwa zaka mamiliyoni ambirimbiri. Chifukwa chake nkhope ya kadziko kotere ili ngati kaundula wa mikwingwirima yonse imene kanalandira chiyambire.

2. Mmene dzenje limapangikira

Chimene chimakumba dzenje la m'thambo ndi liwiro la mwala koposa kulemera kwake. Miyala ya pakati pa Mars ndi Jupiter ikamagundana, imakumana pa liwiro la makilomita pafupifupi 5 pa sekondi imodzi. Kuchokera pa boma la Karonga kufika pa mlatho wa Songwe pali makilomita pafupifupi 45. Mwala wa liwiro limeneli ukhoza kutha ulendowo m'masekondi 9. Ndiponso mphamvu ya chinthu chothamanga sikula molingana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi, ndipo likawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza ka 9.

Tsono mwala wotere ukagunda, suboola monga khasu liboola nthaka. Umaima mwadzidzidzi, ndipo mphamvu yake yonse imatuluka nthawi imodzi monga kuphulika kwa wonga. Mbali ina ya mwalawo imasungunuka, ina imasanduka nthunzi, ndipo kugwedezeka kwakukulu kumalowa m'nthaka kupita mbali zonse. Nthaka imakankhidwira pansi ndi m'mbali, ina imaulukira kumwamba, ndipo chotsala ndi dzenje looneka ngati mbale, la milomo yotukuka. Popeza ndi kuphulika kumene kumakumba, maenje ambiri amakhala ozungulira ngakhale mwala utabwera chopendekeka. Pa maiko aakulu dzenje limaposa mwala umene unalikumba ka 10 kapena ka 20 m'mimba mwake. Dzenje likakula kwambiri makoma ake amagumukira m'kati, ndipo pansi pake pamatumphuka phiri, monga momwe madzi amadumphira pakati dontho likagwera m'chidebe.

3. Timaiko tinayi ta zipsera zazikulu

Koyamba ndi Phobos, mwezi wa Mars, umene Asaph Hall anauona m'chaka cha 1877. Suli wobulungira bwino, koma wooneka ngati mbatata: makilomita 27 m'litali, 22 m'lifupi ndi 18 kuchindikala kwake. Chombo chotchedwa Mariner 9 chitaujambula mu 1971, kunaoneka dzenje la makilomita pafupifupi 9 ku mapeto ake amodzi. Dzenjelo analitcha Stickney, dzina la kwao la mkazi wa Hall, amene analimbikitsa mwamuna wake kuti asaleke kufunafuna.

Kachiwiri ndi Mimas, mwezi wa Saturn, umene William Herschel anaupeza mu 1789. M'mimba mwake ndi makilomita 396, ndipo mbali yaikulu ya thupi lake ndi madzi oundana, ouma gwa ngati mwala chifukwa cha kuzizira. Voyager 1 itadutsa kumeneko mu 1980 inaonetsa dzenje limodzi la makilomita oposa 130, limene ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mwezi wonsewo. Makoma ake ndi otalika makilomita 5, ndipo phiri la pakati pake ndi la makilomita 6, ndiko kuti Sapitwa wa ku Mulanje kawiri. Dziko lapansi likadakhala ndi chipsera cha muyeso womwewo, chikadayambira ku Karonga ndi kukathera pafupi ndi Cairo. Dzenje lalikulu koposa lodziwika pa dziko lapansi, la Vredefort ku South Africa, silinapose makilomita 300 ngakhale pa chiyambi pake.

Kachitatu ndi Vesta, kadziko ka pakati pa Mars ndi Jupiter, ka makilomita 525 m'mimba mwake, kotero kuti kakhoza kugona m'litali mwa Nyanja ya Malawi malo n'kutsalako. Chombo chotchedwa Dawn chinakazungulira mu 2011 ndi 2012. Ku mmwera kwake kuli dzenje la Rheasilvia, la makilomita pafupifupi 505, limene linakumbidwa zaka ngati 1,000 miliyoni zapitazo pamwamba pa dzenje lina lakale la makilomita pafupifupi 400, lotchedwa Veneneia. Phiri la pakati pa Rheasilvia ndi lotalika makilomita oposa 20. Anthu a ku Karonga amene anaona zivomezi za mwezi wa December 2009 amadziwa kuti nthaka ikagwedezeka pansi, makoma amang'ambika ngakhale kutali ndi kumene kugwedezekako kunayambira. Chomwechonso pa Vesta: kugunda kwa ku mmwera kunang'amba ngalande zazitali zimene zimazinga kadzikoko m'chuuno monga lamba.

Kachinayi ndi kamene kali ndi chibale cha dzina ndi dziko la Karonga. Mathilde anapezedwa ndi Johann Palisa mu 1885, ndipo chombo cha NEAR chinamudutsa pa 27 June 1997. M'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 53, kuposa pang'ono mtunda uja wa ku Songwe. Ndi wakuda bii ngati makala, ndipo chifukwa cha kuda kwakeko maenje ake anapatsidwa maina a madera a malasha a pa dziko lapansi. Lalikulu koposa, la makilomita 33, limatchedwa Karoo, dzina la dera la ku South Africa. Dzina lomweli ndilo limene akatswiri a miyala amatchulira miyala ya mtundu umene muli malasha a ku Ngana ndi ku Lufira, ndiponso miyala ya ku Kayelekera. Chodabwitsa pa Mathilde n'chakuti pa mbali yokha imene inajambulidwa panapezeka maenje aakulu osachepera 5, aliwonse a makilomita pafupifupi 20 kapena kuposa, oyandikana ngati mafuwa, koma lina silinagumule kapena kukwirira linzake.

4. Chifukwa chake sitinasweke

Yankho loyamba linachokera kwa Mathilde yemweyo. Poona mmene anakokera chombo chodutsacho, akatswiri anawerenga kulemera kwake, napeza kuti amaposa madzi a muyeso womwewo ka 1.3 kokha, pamene miyala ya mtundu wake imene imagwa pansi pano imaposa madzi kawiri ndi kupitirira. Tanthauzo lake ndi lakuti pafupifupi theka la m'kati mwake ndi mipata yopanda kanthu. Mtsuko umasweka chifukwa ndi wolimba ndi wogwirana, kotero kuti kugunda kwa pa malo amodzi kumathamanga thupi lonse. Koma munthu akamenya ndi musi thumba lodzaza mankhusu a mpunga wa Kilombero, musiwo umangolowa, mankhusu amafinyika pamenepo, ndipo mbali ina ya thumba simva kanthu. Kadziko ka mipata kamameza nkhonya chimodzimodzi. Dzenje lake limapangika kwakukulu ndi kufinyika kwa nthaka, ndipo zouluka zimachepa. N'chifukwa chake maenje a Mathilde sanakwirirane. Apa pali phunziro lotsutsana ndi chimene munthu angayembekeze: chofewa ndi chogwefuka chimapirira kumene cholimba chimasweka.

Yankho lachiwiri ndi mphamvu yokoka. Chinthu chilichonse chimakoka chinzake, ndipo chikakula chimakoka kwambiri. Kuti mwala uthawe dziko lapansi osabwereranso, uyenera kuchoka pa liwiro la makilomita 11 pa sekondi. Pa Vesta ndi mamita pafupifupi 360 pa sekondi, ndipo pa Phobos ndi mamita 11 okha, liwiro la njinga yotsika chitunda. Tsono kusweka ndi kumwazika ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kadziko kakhoza kung'ambika m'kati monse, koma ngati zidutswa zake sizinapatsidwe liwiro lokwanira kuthawa, zimagwa ndi kusonkhananso. Vesta anataya gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a thupi lake pa kugunda kwa Rheasilvia, ndipo zotsala zonse zinagwiridwa ndi kukoka kwake. Timaiko tambiri tating'ono timene zombo zafikako taoneka kuti ndi milu ya miyala ndi nsangalabwi yongogwirana ndi kukoka kofooka, zotsala za maiko ena amene anasweka kale.

Yankho lachitatu ndi losavuta, koma limaiwalika kawirikawiri. Timaiko timene timaoneka ndi zipsera zazikulu ndi timene tinapulumuka. Timene tinagundidwa mopitirira muyeso sitioneka ndi dzenje, pakuti palibe potsala pokhala dzenjelo. Mu 1918 Kiyotsugu Hirayama wa ku Japan anazindikira kuti miyala ina ya m'thambo imayenda m'magulu, njira zao zofanana, monga ana a mimba imodzi. Magulu amenewa ndi mapale a mitsuko imene inasweka. Munthu woyang'ana mitsuko ya pa chitsime angaganize kuti mitsuko siisweka, koma akapita kudzala adzaona umboni wina.

5. Miyala imene inagwa pafupi ndi Karonga

Zidutswa zimene zimathawa pa kugundana kotere zimayenda m'thambo zaka mamiliyoni, ndipo zina zimakumana ndi dziko lapansi. Zazing'ono zimapsa mu mpweya, ndipo ndizo zimene anthu amati nyenyezi yathothoka. Zokulirapo zimafika pansi. M'Malawi munagwa mwala ku Zomba mu 1899, wina wolemera makilogalamu 93 ku Machinga mu 1981, ndipo mu 1988 kunagwa chitsulo cha makilogalamu pafupifupi 4 ku Chisenga, m'boma la Chitipa, loyandikana ndi Karonga. Pa 2 June 2018 mwala wina unaoneka usanafike, nuphulika pamwamba pa Botswana. Zidutswa zake zitatoledwa ku Kalahari ndi kupimidwa, zinaoneka kuti ndi za mtundu wa miyala ya ku Vesta.

Kutsidya kwa Songwe, m'dziko la Tanzania, kuli miyala iwiri yotchuka. Ku Mbozi kuli chitsulo cha mamita 3 m'litali, cholemera matani pafupifupi 16, chimene anthu a kumeneko amachitcha Kimondo, ndipo akatswiri anachidziwa mu 1930. Pamene chagona palibe dzenje looneka. Mpweya wa dziko lapansi umachepetsa liwiro la miyala ya msinkhu wotere, ndipo mvula ya zaka zambiri imafafaniza zotsala. Wachiwiri ndi kamwala ka magalamu pafupifupi 700 kamene kanagwa ku Ivuna, pafupi ndi Nyanja ya Rukwa, pa 16 December 1938. Kamwala kameneka n'kakuda ndi kofumbutuka, ndipo dzina lake linaperekedwa kwa mtundu wonse wa miyala yofanana nako. Chombo cha ku Japan cha Hayabusa2 chitabweretsa fumbi la magalamu oposa 5 kuchokera ku kadziko ka Ryugu mu December 2020, fumbilo linapezeka kuti ndi la mtundu wa Ivuna.

Mphunzitsi achenjere ndi zolakwa ziwiri. Choyamba, si dzenje lililonse lozungulira limene linakumbidwa ndi mwala wa kumwamba. Nyanja zazing'ono za Ngozi ndi Masoko ku mapiri a Rungwe zili m'maenje a mapiri ophulika moto, ndipo mphamvu yake inachokera pansi pa nthaka. Nyanja ya Malawi nayo ili m'chigwa chimene chinapangika ndi kung'ambika kwa nthaka. Chachiwiri n'chokhudza Malawisaurus, chinyama chachikulu chija chimene mafupa ake anafukulidwa ku Mwakasyunguti, ndipo chimaonetsedwa m'nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, yotsegulidwa mu 2004. N'zoona kuti mwala wa makilomita pafupifupi 10 unagwa ku Chicxulub, m'dziko la Mexico, zaka 66 miliyoni zapitazo, nusiya dzenje la makilomita ngati 180, ndipo zinyama zazikulu za mtundu umenewo zinatha nthawi yomweyo. Koma Malawisaurus anakhalako kale kwambiri mwalawo usanagwe, kotero kuti sunaphe iye ayi. Chofunika kuti ana achione n'chakuti mwala umene unasintha moyo wa dziko lonse unali wochepa kuposa Phobos.

6. Phindu la nzeru imeneyi

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Miyala ina imadutsa pafupi ndi njira ya dziko lapansi, ndipo ngati tsiku lina utapezeka umene walunjika kuno, njira yodzitetezera ndi kuukankha pang'ono zaka zambiri usanafike. Koma kukankha mwala wolimba, thumba la mankhusu ndi mulu wa nsangalabwi ndi ntchito zitatu zosiyana, ndipo wosadziwa za m'kati mwake akhoza kuuswa ndi kusandutsa tsoka limodzi kukhala matsoka ambiri. Maenje aakulu ndiwo amaulula za m'katizo.

Chifukwa chake anthu ayamba kukumba maenje ao a dala. Mu April 2019 Hayabusa2 inawombera Ryugu ndi mkuwa wa makilogalamu 2, ndipo panakumbika dzenje la mamita oposa 14, lalikulu kuposa limene likadakumbika pa thanthwe, umboni wakuti nthaka yake ndi yosagwirana ngati mchenga wouma. Pa 26 September 2022 chombo cha DART chinagunditsidwa dala pa Dimorphos, kamwezi ka mamita pafupifupi 150 kamene kamazungulira kadziko ka Didymos. Kale kanali kutha ulendo wake m'maola 11 ndi mphindi 55, ndipo katagundidwa ulendowo unafupika ndi mphindi zoposa 30. Miyala ndi fumbi zimene zinauluka zinakankha kamweziko koposa mmene chombo chokha chikadachitira. Mu October 2024 kunatumizidwa chombo china, Hera, kuti chikapime chipsera chimene chinatsala.

7. Mau ake ndi kaphunzitsidwe kake

Chinenero chili ndi mau ambiri a malo okumbika, ndipo lililonse limanena amene anakumba. Mbuna imakumbidwa ndi mlenje, nkhuti ndi mwini mudzi, una ndi mbewa, khwawa ndi madzi. Palibe mwa amenewa loyenera pano, chifukwa lililonse likhoza kusokeretsa mwana. Mau akuti dzenje ndiwo abwino, popeza satchula wokumba, ndipo mphunzitsi awonjezepo kuti ndi dzenje la mwala wogwa kapena dzenje la phiri lophulika. Mau akuti nyenyezi yathothoka asatayidwe, pakuti ndi cholowa, koma ana auzidwe kuti nyenyezi yeniyeni ndi dzuwa lakutali, ndipo chimene chaoneka ndi kamwala kakupsa. Popeza ana ambiri a ku Karonga amalankhula Chinkhonde kapena Chitumbuka kwao, n'kwabwino kuwatuma kuti akafunse agogo ao mau ndi nthano za kumudzi za zinthu zimenezi, ndipo mauwo alembedwe pa bolodi pambali pa a Chichewa.

Zipangizo za phunziroli sizifuna ndalama. Mphunzitsi adzaze beseni ndi mchenga wouma wa kunyanja, awaze phulusa pamwamba pake, ndipo ana agwetsemo mwala umodzi womwewo, poyamba kuchokera pa bondo, kenaka pa phewa, pomaliza ataima pa mpando. Nthawi iliyonse ayese dzenje ndi kachingwe ndi kulemba muyeso wake, naone kumene mchenga wa pansi wagwera pamwamba pa phulusa. Pambuyo pake aumbe mipira iwiri yofanana, wina wa dongo lokha, wina wa dongo losakaniza ndi mankhusu ochuluka, ndipo itauma aimenye ndi mwala umodzi, ana onse ataima patali. Asanamenye afunse kalasi kuti uti usweke, ndipo mayankho alembedwe. Potsiriza anene poyera kuti mwala wa m'dzanja ndi waulesi poyerekeza ndi wa m'thambo, ndipo suphulika. Beseni limaonetsa maonekedwe a dzenje, koma siligwira ukali wake.

Pali chinthu chinanso chimene mphunzitsi wa kumudzi akhoza kuchita kuposa katswiri wa kutali. Mwala ukagwa m'dera lake, anthu amathamangira ku sukulu kukafunsa. Iye alembe tsiku, nthawi ndi mbali imene kuwala kunachokera, asalole kuti mwalawo uphwanyidwe kapena kutsukidwa, ausunge pouma, nadziwitse a mfumu ndi a ofesi ya boma yofufuza za miyala ku Zomba. Kamwala ka ku Ivuna kadziwika pa dziko lonse chifukwa chakuti kanatoledwa ndi kusungidwa mvula isanakasungunule.